Kodi masapota a Iowa ankalakwa pokuwa kuti a Brian Ferentz achoke?

Funso: Ndine Mmalawi, ndakhala ku Iowa City, ku America, kuyambira 2022. Mpira wa kuno, uja amathamanga nawo m'manja, ndinayamba kuutsatira chifukwa kuntchito Lolemba lililonse nkhani imakhala yomweyo. Zaka ziwiri zoyamba anzanga ankangonyoza munthu mmodzi, a Brian Ferentz, omwe ankayang'anira offense ya timu ya yunivesite, ndipo mpaka lero dzinali likatchulidwa anthu amapukusa mitu. Komatu timuyo inkapambana, mu 2023 inawina magemu 10. Kwathu kochi wowina chonchi sitimuthamangitsa. Kodi masapotawa ankanena zoona, kapena linali phokoso la pa sitandi chabe? Nanga woonera wamba angadziwe bwanji kuti kochi walakwitsa?

Yankho: Zikomo achimwene pofunsa. Ndikuyankheni mosazungulira kaye: masapota a Iowa sankalakwa ponena kuti a Brian Ferentz anayenera kuchoka. Koma zambiri zimene ankaloza Lolemba m'mawa ngati umboni, monga akuti "bwanji anathamangitsa mpira m'malo moponya", si zimene zinali kuwatsutsa bambowo. Mlandu unalipo ndithu, kungoti mboni zimene anthu ankabwera nazo zinali zofooka, pomwe zamphamvu zinali poyera.

Muyambe mwamvetsa chifukwa chake timu yowina ingathe kukhala ndi kochi wolephera, chifukwa apa ndi pamene mpira uwu ukusiyana ndi wathu wa miyendo. Kwathu osewera 11 omwewo ndiwo amatchinga ndi kumwetsa, ndiye timu ikawina kochi wawina, basi. Ku America timu imodzi ili ngati matimu atatu. Pali offense, imene imalowa timu ikakhala ndi mpira. Pali defense, imene imalowa mpira ukakhala kwa adani. Ndiye pali gulu la special teams, la okhoma mpira ndi owubweza. Lililonse lili ndi osewera ake ndi kochi wake, ndipo onse ali pansi pa kochi wamkulu. Choncho n'zotheka gulu limodzi kumasenza linzake chaka chathunthu, ndipo ku Iowa zinali choncho. A Phil Parker, kochi wa defense, anapatsidwa mphotho ya Broyles mu 2023 ngati wothandizira kochi wopambana m'dziko lonse. Tory Taylor, mnyamata wa ku Australia yemwe ankakhoma ma punt (kukhomera mpira kutali poupereka kwa adani), anatenga mphotho ya Ray Guy chaka chomwecho. Magemu 10 amene mukunenawo anawina makamaka ndi anthu amenewa.

Gemu yoyamba imene mwina munaimva mutangofika ikulongosola zonse. Pa 3 September 2022, pa bwalo la Kinnick, Iowa inagonjetsa South Dakota State 7 kwa 3. Munthu akamva 7 amaganiza kuti panali touchdown imodzi (kufikitsa mpira kuseri kwa mzere wa adani, mapointi 6) ndi pointi yake yowonjezera. Ayi ndithu. Inali field goal imodzi (kukhoma mpira pakati pa mitengo ya golo), mapointi 3, ndi ma safety awiri a mapointi 2 iliyonse, amene defense inapeza pogwetsa adani kuseri kwa mzere wawo womwe. Offense sinalowe mu end zone, malo ogoletsera touchdown, tsiku lonse. Kunena mwachilungamo, South Dakota State sinali timu yamasewera, inatenga chikho cha dziko cha gawo lake la FCS sizoni yomweyo. Komabe ndi gawo lotsika, ndipo anthu pafupifupi 69,000 amene amadzaza Kinnick sanalipire kuti adzaonere timu yawo ikukhoma ma punt 10.

Tsopano tibwere ku funso lanu lachiwiri, lomwe kwa ine ndi lofunika kuposa loyamba.

Tiyerekeze sewero limodzi. Timu ili pa down yachitatu (kuyesa kwachitatu pa kanayi kamene timu imapatsidwa kuti ipite patsogolo mayadi 10), kwatsala mayadi 8 kuti ipatsidwe mwayi wina unayi, ndipo ili chakumbali yakwawo. Kochi ali ndi wotchi ya masekondi 40, koma enieni oganizira ndi ochepa, chifukwa ayenera kusankha osewera olowa, atumize sewero, anyamata afole, quarterback (wosewera amene amaponya mpira) ayang'ane mmene adani aimira. Wasankha kuponya. Mpira ukutuluka, wowakha akuugwira patangotha mayadi 4, akumugwetsa pomwepo, bwalo lonse likubuula. Wa pa sitandi akuti: kochi wanji wofuna mayadi 8 n'kuitanitsa mpira wa mayadi 4? Koma sewero lotere silikhala ndi munthu mmodzi woponyeredwa. Pamakhala atatu kapena anayi, ndipo quarterback amawayang'ana motsatana. Mwina woyamba anathamanga mayadi 12 koma anatsekedwa. Mwina anali pambalambanda, kungoti chimodzi mwa zimphona zisanu zotchinga kutsogolo chinaphonya munthu wake, quarterback n'kutaya mpira msanga kwa amene anali pafupi kuti asagwetsedwe nawo. Kanema wa pa TV amatsatira mpira, saonetsa zimene zikuchitika kutali. Makochi amaonera kanema wina wojambulidwa pamwamba, woonetsa osewera onse 22 nthawi imodzi. Ine sewero likandikwiyitsa Loweruka, ndimalibwereza Lamlungu katatu: koyamba ndimayang'ana otchinga asanu okha, kachiwiri mapazi ndi mutu wa quarterback, kachitatu owakha. Kawirikawiri ndimapeza kuti zimene ndinakuwira dzulo si zimene zinalakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Umboni wa zimenezi uli m'mbiri ya a Brian omwewo. Chaka chawo choyamba pa udindowu, pa 4 November 2017, Iowa inaswa Ohio State 55 kwa 24 pa Kinnick. Nate Stanley anaponya ma touchdown asanu, ndipo T.J. Hockenson ndi Noah Fant anawakha awiriawiri. Usiku umenewo anthu ankawatcha a Brian katakwe. Patangotha sabata imodzi, ku Wisconsin, offense yomweyo, ya kochi yemweyo, inapeza mayadi 66 okha gemu yonse, n'kugonja 38 kwa 14, ndipo ma touchdown awiri a Iowa anagoletsa ndi Josh Jackson wa defense atalanda mipira ya adani. Kodi munthu angakhale katakwe Loweruka lino n'kukhala mbuli Loweruka lamawa? Gemu imodzi siweruza kochi, sewero limodzi ndiye kaya.

Chimene woonera wamba angaweruze, ndipo ali ndi ufulu wonse woweruza, ndi zimene zimabwerezabwereza kwa zaka. Apa simufunika kanema wa makochi. Mu 2018 ndi 2020 Iowa inkapeza mapointi oposa 30 pa gemu. Mu 2022 anatsika kufika 17.7, ndipo pa mayadi offense yake inali ya nambala 130 pa matimu 131 a gawo lapamwamba la FBS. Mu 2023 anafika 15.4, ndipo pa mayadi inali yotsiriza penipeni pa matimu 133. Ku Penn State, pa 23 September 2023, anagonja 31 kwa 0 atapeza mayadi 76. Magemu awiri otsekera sizoniyo, wolimbirana chikho cha ligi yawo ya Big Ten ndi Michigan ku Indianapolis ndi wa Citrus Bowl ndi Tennessee, anatha 26 kwa 0 ndi 35 kwa 0. Mukaona bwino, matimu atatu amphamvu amene anakumana nawo chaka chimenecho sanawamwetse ngakhale pointi imodzi. Apa palibe zonena kuti tsiku linangoipa.

Otchinjiriza a Brian amatchula za kuvulala, ndipo n'zoona, sindingazikane. Cade McNamara, quarterback amene anabwera kuchokera ku Michigan kuti adzakonze zinthu, anavulala bondo pa gemu ya Michigan State kumapeto kwa September 2023, sizoni yake n'kuthera pomwepo. Ma tight end (osewera otchinga komanso owakha mipira) awiri odalirika, Luke Lachey ndi Erick All, nawonso anavulala sizoni yomweyo. Palibe kochi amene angataye anthu atatu otere osamva kuwawa. Koma funsani funso lotsatira: amene analowa m'malo anali wokonzeka motani, ndipo anamukonza ndani? Kuyambira 2022 a Brian anali ndi maudindo awiri, offensive coordinator (woyang'anira offense) komanso mphunzitsi wa ma quarterback. Mu mpira wa ku koleji, mosiyana ndi ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, osewera ambiri kochi amapita yekha kukawafuna kusekondale, n'kuwaphunzitsa zaka zitatu zinayi. Ndiye ukanena kuti ndilibe osewera, pambuyo pa zaka zisanu ndi ziwiri pa mpando, ukudzinenera wekha mlandu.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Charlie Jones. Mnyamatayu anali wowakha mipira ku Iowa, ndipo mu 2021 anawakha mipira 21. Anasamukira ku Purdue, timu ya m'ligi yomweyo, ndipo mu 2022 anawakha mipira 110 ya mayadi oposa 1,300. Miyendo yomweyo, manja omwewo. Inde Purdue inkaponya kwambiri mwachikhalidwe chake, koma mnyamata aliyense wa kusekondale amene ankaganiza zopita ku Iowa anaona manambala amenewo, makolo ake anaonanso. Offense ikadziwika kuti siponyera owakha, owakha abwino sabwera, ndipo akapanda kubwera kochi amaopa kuponya, mbiri ija n'kukulirakulira. Dzenje limeneli silikumbidwa ndi sewero la pa down yachitatu. Limakumbidwa pang'onopang'ono, m'miyezi imene mabwalo ali otseka. Chimodzimodzi kutsogolo: Iowa imadziwika ndi otchinga amphamvu, monga Tristan Wirfs ndi Tyler Linderbaum omwe anatengedwa mu raundi yoyamba ya chisankho cha osewera atsopano ku NFL, koma Linderbaum atachoka pambuyo pa sizoni ya 2021 otsala anali anthete, ndipo sewero lililonse, labwino kapena loipa, linkafera pamenepo.

Pali china chimene anzanu akuntchito mwina sankachinena mokweza, chifukwa chimakhudza munthu amene amamulemekeza. Offensive coordinator sasankha yekha mtundu wa mpira umene timu izisewera. A Kirk Ferentz, bambo awo a Brian komanso kochi wamkulu wa Iowa kuyambira 1999, amakhulupirira mpira wosamala: usataye mpira, ukhome punt yabwino, adani ayambire kutali, defense ikugwirire, uwine ndi mapointi ochepa. Kwa iwo kuthamangitsa mpira pa down yachitatu kwatsala mayadi ambiri si mantha, ndi kukonzera malo wokhoma punt. Ndipo njirayi yawawinitsa magemu ambiri zedi, mpaka masapota ena ankavala malaya onena kuti kukhoma punt ndiko kupambana. Choncho masewero ambiri amene anthu ankanyozera mwana anali ogwirizana ndi maganizo a bambo. Amene ankakuwa dzina la Brian ambiri ankadziwa zimenezi, koma kukuwira mkulu amene wakupatsani zaka zoposa 20 za ulemu n'kovuta, ndiye mkwiyo unkagwera pa wamng'ono.

Apa ndiye pagona nkhani yeniyeni. A Brian ndi mwana wa a Kirk. Sindikunena kuti analibe luso. Anagwirapo ntchito ku New England Patriots, timu ya mu NFL, anali mphunzitsi wa ma tight end kumeneko mu 2011, ndipo otchinga kutsogolo amene ankawaphunzitsa ku Iowa analandira mphotho ya Joe Moore, ya gulu la otchinga lopambana m'dziko lonse, mu 2016. Koma kulikonse mu mpira wa ku koleji, coordinator amene offense yake yatsikira pansi choncho amachotsedwa ndi kochi wamkulu, nthawi zina sizoni isanathe. Ku Iowa wochotsayo anali bambo wake womubereka. Chibale ndi fupa, sichiola. Malamulo a yunivesite oletsa kukondera abale anachititsa kuti pa pepala a Brian aziyankha kwa mkulu wa zamasewero, a Gary Barta, osati kwa bambo awo. Koma tsiku ndi tsiku ankagwira ntchito mu timu ya bambo awo, pansi pa maganizo a bambo awo. Masapota anaona khoswe ali pa mkhate. Kumuponya mwala ndiye kuswa mkhate, ndipo palibe amene ankafuna kuswa mkhatewo. Kukuwa kwa "Brian achoke" kumene kunkamveka pa Kinnick kunali kwa anthu amene aona kuti khomo lililonse lodandaulira ndi lotseka. Inu mukudziwa mmene "achoke, achoke" imayambira kwathu: siyamba tsiku loyamba timu ikagonja, imayamba anthu akazindikira kuti akuluakulu sakumva.

Zimene akuluakuluwo anachita mu February 2023 ndimaziona ngati cholakwa chachikulu pa nkhani yonseyi, choposa sewero lililonse limene a Brian anaitanitsa. Anasintha kontirakiti yawo: malipiro anatsika ndi madola 50,000 kufika 850,000, ndipo anaika malire akuti timu ipeze mapointi 25 pa gemu ndi kuwina magemu osachepera 7. Pa magemu 13, mapointiwo ndi 325, ndipo dziko lonse linayamba kuwerengera nambala imeneyi sabata ndi sabata. Taonani kuipa kwake. Choyamba mapointi a defense ndi a special teams ankawerengedwa nawo, moti Cooper DeJean, wosewera wa defense, atabweza punt mayadi 70 mpaka touchdown pa gemu ya Michigan State, mapointiwo analowa m'thumba la kochi amene sanachitepo kanthu. Chinanso, muyezo wotere umalimbana ndi mpira wa a Kirk womwe, chifukwa timu ikatsogola, nzeru yawo ndi kudya nthawi, pomwe kontirakiti ikuti onjezani mapointi. Ndipo choipitsitsa, anyamata a zaka 19 ndi 20 anasandutsidwa osenza ntchito ya mwana wa bwana wawo, dziko lonse likuonerera ndi kuseka. Mtsogoleri amene waona kuti wantchito walephera ayenera kulimba mtima n'kunena, osati kusiyira masamu kuti amunenere.

Amene analimba mtima anali mayi Beth Goetz, omwe anagwirizira udindo wa a Barta atapuma. Pa 30 October 2023 analengeza kuti a Brian amaliza sizoniyo koma sabwereranso mu 2024. Nthawi imeneyo timu inali itawina magemu 6 pa 8, ndi mapointi 19.5 pa gemu. Gemu yomaliza asanalengeze inali ija yogonja 12 kwa 10 ndi Minnesota, imene touchdown ina ya DeJean inakanidwa oweruza atabwereza kanema n'kunena kuti anakupiza mkono mosayenera mpira usanafike. Anthu a ku Iowa mpaka lero amadandaula za chigamulo chimenecho, ndipo ndimawamvetsa. Koma timu imene chiyembekezo chake chonse chili pa mnyamata mmodzi wa defense kubweza punt kutatsala mphindi ziwiri, vuto lake silili kwa oweruza.

Nanga atachoka zinasintha? Apa mpamene mungayesere ngati masapota ankanena zoona. A Tim Lester, omwe kale anali kochi wamkulu ku Western Michigan, anatenga udindowu mu 2024. Mapointi anakwera kupitirira 27 pa gemu, ndipo Kaleb Johnson, amene analipo kale nthawi ya a Brian, anathamanga mayadi oposa 1,500. Ndiye inde, kusintha munthu kunathandiza, ndipo luso lina linalipo m'timumo limene silinkatuluka. Koma kuponya mpira kunali kofookabe, Iowa inali pakati pa matimu otsika m'dziko pa mbali imeneyi, ndipo inawina magemu 8, ochepera pa 10 a chaka cha mkwiyo chija. Amene ankati vuto lonse ndi Brian anapeza theka la zimene ankafuna. Theka linalo ndi la ma quarterback amene sanakonzedwe kwa zaka, ndi la maganizo a kochi wamkulu amene akadali pomwepo.

Chimene sindingagwirizane nacho, ngakhale pang'ono, ndi pamene mkwiyo unkapitirira kochi n'kugwera ana. Spencer Petras, quarterback wa 2022, anabuulidwa pa bwalo lakwawo lomwe. Deacon Hill, amene anaponyedwa m'madzi akuya McNamara atavulala, ananyozedwa pa intaneti ngati kuti anadzisankha yekha. Kochi wolandira madola 850,000 pa chaka ntchito yake ikuphatikizapo kumva mawu owawa, ndipo angathe kupirira. Wophunzira amene Lolemba akukakhala m'kalasi ndi anthu omwe ankamukuwiza Loweruka ndi nkhani ina. Pa Kinnick pomwepo, kota yoyamba ikatha, bwalo lonse limatembenuka n'kubayibitsa ana odwala amene ali m'mawindo a chipatala choyandikana nalo. Anthu a mtima wotere amatha kusiyanitsa pakati pa wolemba sewero ndi mwana amene wangotumidwa kukalichita, ndipo ndimafuna akanamatero nthawi zonse.

Ndiye mukakhala pa gemu yotsatira, achimwene, yesani izi. Wina akakuwa kuti sewero linali lopusa, dzifunseni ngati mukanalitcha lopusa mpira usanayambe kuyenda, kapena mwalitcha choncho chifukwa mwaona mathero ake. Kenako musiye mpira, muyang'ane zimphona zisanu zija masewero khumi otsatizana. Ngati zikukankhidwira m'mbuyo nthawi iliyonse, palibe pepala la kochi limene lingagwire ntchito tsiku limenelo. Muonenso ngati timu ikabwera kopumulira imasintha kanthu, kapena ikungobwereza zimene adani anazizindikira kale. Ndipo mumvetsere mnzanu wa pambali: ngati iye, ndi chakumwa chake m'manja, akutha kulosera molondola kasanu pa kasanu ndi kamodzi kuti mpira upita kuti pongoona mmene anyamata afolera, dziwani kuti kochi wa defense ya adani, amene wakhala sabata yonse akuonera kanema wa timuyi, analosera kalekale.